Thandizeni pa nkhani ya Mary Barbour ndi sitalaka ya lendi ya 1915

Moni nonse abale ndi alongo okhala kuno ku Scotland. Mwana wanga wapatsidwa ntchito kusukulu yoti alembe za amayi a ku Govan, dera la mumzinda wa Glasgow, omwe anakana kulipira lendi mu 1915, ndipo ine nzeru zandithera.

Zikuluzikulu tazipeza. Nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse anthu anadzaza mu Glasgow kudzagwira ntchito yopanga zombo ndi zipolopolo, eni nyumba n'kukweza lendi. Mary Barbour anasonkhanitsa amayi. Akaona wodzatulutsa anthu m'nyumba akubwera, mmodzi ankaliza belu, enawo n'kuthamangira kukamuthira ufa. Mu Disembala chaka chomwecho boma linakhazikitsa lamulo lobwezera lendi pomwe inali nkhondo isanayambe. Loweruka tinakaona chiboliboli cha Mary Barbour pa Govan Cross, mwana n'kujambula zithunzi tili nyowe ndi mvula.

Vuto n'loti aphunzitsi akufuna umboni wolembedwa nthawi imeneyo, osati za pa intaneti. Kulaibulale ya kufupi n'kwathu tinangopeza mabuku onena za John Maclean, womenyera ufulu wa anthu ogwira ntchito, ndi chipolowe cha ku George Square cha 1919.

Alipo kodi akudziwa komwe tingawerenge nyuzipepala ya Forward ya 1915? Nanga ana amawalola kulowa? Ntchitoyi ikufunika Lachisanu sabata yamawa. Zikomo.