Laputopu kapena MPC pojambulira nyimbo kunyumba?

Wofunsa
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kukonza kasitudiyo m'chipinda, kopangira ma beat ndi kujambula mawu a oimba. Ndalama zikungokwanira chimodzi: laputopu ndi audio interface (kabokosi kolumikizira maikolofoni ndi masipika ku kompyuta), kapena Akai MPC One (makina opangira ma beat osafuna kompyuta). Kunonso magetsi amathimathima. Ndigule chiti?

Yankho loyamba
Achimwene, poti mwatchula zojambula mawu, tengani laputopu. MPC One ili ndi ma line input (polowetsa mawu ochokera ku zipangizo monga kiyibodi) awiri basi, maikolofoni simungailumikize mwachindunji, ndiye mudzagulabe preamp (kachipangizo kokweza mphamvu ya mawu a maikolofoni) kapena kamikisa. Ilibenso batire: magetsi akathima, zomwe simunasunge zapita.

Laputopuyo ikhale ndi RAM yosachepera 8GB, ndipo ikhale ya SSD. Interface ya Focusrite Scarlett 2i2 kapena Behringer UMC202HD ikukwanirani, zonse zimapereka magetsi a 48V omwe maikolofoni ya mu situdiyo ya mtundu wa condenser imafuna. Muzitsitsa kaye voliyumu musanayatse 48V, apo ayi masipika amaphulitsa phokoso.

Chomwe chimagwetsa ulesi anthu ambiri n'chakuti woimba amadzimva mochedwa m'mahedifoni, n'kumataya biti. Vuto si kompyuta ayi, ndi driver (pulogalamu yoyendetsa interface) ndi buffer (kuchuluka kwa mawu omwe kompyuta imasonkhanitsa isanawatulutse). Ikani ASIO driver ya interface yanuyo, osati ya Windows. Pojambula buffer ikhale 128. Pa 48kHz kumeneko ndi kuchedwa kwa mamilisekondi osakwana 3. Mukafika posakaniza, ma plugin (timapulogalamu tokometsera mawu) atachuluka, ikwezeni pa 512 kapena 1024 kuti nyimbo isamathetheke. Mawu azilowa pa 24-bit, akakwera kwambiri azifika cha pa -12dB, osakhudza pofiira.

Yankho lachiwiri
Ndionjezere za magetsizo. Mukamva kulira kwa "mmmm" kosalekeza m'masipika, zulani chaja ya laputopu. Kukasiya, ndiye kuti ndi ground loop (phokoso lobwera pamene zipangizo zolumikizana zikufika ku earth kudzera m'njira zingapo), kapena chajayo ndi yachabechabe. Zipangizo zonse zizidya pa soketi imodzi, ndipo masipika muwalumikize ndi mawaya a TRS kapena XLR. Chonde musadule waya wa earth pofuna kuthetsa phokosolo, mungagwidwe ndi magetsi. Invetanso ikhale ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a pa soketi. Ya modified sine imalowetsa nzwii m'zojambula.

Yankho lachitatu
Komatu makina oyima paokha ngati MPC musawanyoze. Beat yomenyedwa ndi zala pa ma pad (mabatani a labala omenyapo) imakhala ndi moyo wina, ndipo palibe update kapena WhatsApp yokudodometsani. Roland SP-404MKII imayendera mabatire 6 a AA. Zoom R8 imayendera 4, ili ndi polowetsa XLR pawiri, imasunga pa SD card, koma imajambula ma track awiri okha nthawi imodzi. Kwa kwaya yaing'ono yoimbira pa maikolofoni awiri, imeneyo ndi yokwana.

Pamene makinawa amavuta ndi pokonza mawu. Kudula mzere umodzi pa ma take asanu (woimba atabwereza kasanu), kuwongola pomwe woimba waphonya, kasikirini kakang'onoko kadzakutopetsani, mapeto ake mudzasamutsirabe mafayilo a mawu a WAV ku mapulogalamu a pa kompyuta monga FL Studio kapena Reaper. Choncho yambani ndi laputopu, achimwene, ndipo ngati zala zikufuna pomenya, onjezerani kakiyibodi ka Akai MPK Mini, ya ma pad 8, imadyera pa USB pomwepo.