Ulendo woyamba wa pabasi wopita ku Johannesburg: ndilongedze chiyani?

Mayi wa ku Chirimba:

Moni nonse. Mwezi wa June ndikupita ku Johannesburg kukaona mwana wanga amene wangochira kumene, ndipo aka kadzakhala koyamba kuti ndituluke m'dziko muno. Ndidzakwera basi ku Blantyre kudzera ku Mwanza. Pasipoti ndatenga kale, koma chimene chandisokoneza ndi katundu, chifukwa aliyense amene ndamufunsa akundiuza zake, wina akuti ndinyamule ufa ndi usipa, wina akuti zimenezo akandilanda panjira. Ndimamwanso mankhwala a BP tsiku ndi tsiku. Inu amene munayendapo njira imeneyi, ndi zinthu ziti zimene sindiyenera kuiwala?

Bambo wa geni ya zovala ku Limbe:

Zikomo mayi, ndipo tikuyamika chifukwa cha mdzukulu. Ine njira imeneyi ndayenda kambirimbiri, ndiye langizo langa ndi lakuti muyambe mwalongedza kachikwama kakang'ono kamene kadzakhale pamiyendo panu, chachikulucho chibwere pambuyo. Chikwama chachikulu chikalowa kunsi kwa basi kapena m'ngolo, chimapanikizidwa ndi katundu wa anthu ena, ndipo simungauze kondakitala kuti akutsitsireni pakati pa usiku chifukwa chakuti mwaiwalamo mankhwala.

M'kachikwamako muikemo pasipoti, tikiti, cholembera ndi kapepala kamene mwalembapo adiresi ndi nambala ya foni ya mwana wanu, popeza foni imatha kuzima pa nthawi imene wa imigireshoni akukufunsani kumene mukupita. Pasipotiyo mudzaitulutsa kasanu ndi kamodzi: pa Mwanza ndi pa Zobue polowa m'dziko la Mozambique, pa Cuchamano ndi pa Nyamapanda polowa m'dziko la Zimbabwe, kenako kawiri pa Beitbridge, tsidya lino ndi tsidya lina la mtsinje wa Limpopo. Paliponse mudzatsika n'kuima pamzere, choncho isakhale pansi pa zinthu zina. Mukalandira chidindo cha South Africa, muwerenge tsiku limene alembapo musanachoke pawindo. Amalawi amapatsidwa masiku osapitirira 30, ndipo amene wapyola masiku ake amaletsedwa kulowanso m'dzikolo, mwina chaka chimodzi, mwinanso zaka zisanu ngati wapyola kwambiri.

Pa nkhani ya ndalama, kwacha ikadutsa Zobue imayamba kusowa ntchito. Musinthiretu marandi, ndipo mupemphe kuti akupatseni ang'onoang'ono, a 10 ndi a 20, chifukwa zimbudzi zambiri za panjira ndi zolipira ndipo wolandira ndalama sakhala ndi chenje. Ndalama zikuluzikulu zisakhale malo amodzi ndi zazing'onozi.

Namwino wokhala ku Germiston, pafupi ndi Johannesburg:

Mayi, bambowa afotokoza bwino za mapepala, koma ine ndikufuna nditsindike za kuzizira, chifukwa anthu ochokera kumudzi amakupeputsa. June ndi July kuno ndi pakati pa chisanu, mzinda wa Johannesburg uli pamalo okwera pafupifupi mamita 1,750, ndipo m'bandakucha udzu umayera ndi chisanu. Kuzizira kwa ku Dedza kapena ku Bvumbwe kumene mukukudziwa n'kochepa. Chovuta n'chakuti pa ulendo womwewo mudzadutsa ku Tete, m'chigwa cha Zambezi, kumene masana kumatentha ngakhale nyengo yozizira, ndiye mukavala zolemera kuchokera ku Blantyre mudzavutika ndi thukuta. Valani zopepuka, koma juzi, jekete, masokosi, mpango wa kumutu ndi kabulangete zikhale pampando panu. Ine ulendo wanga woyamba ndinaima pamzere pa Beitbridge cha m'ma 3 koloko usiku nditavala masilipasi, zala zakumapazi zitachita dzanzi, jekete ili m'ngolo. Zitenje ziwiri musasiye, chimodzi chimakhala chofunda, china mtsamiro.

Mankhwala anu a BP mutenge okwanira masiku onse ndi ena apadera, asachotsedwe m'mapaketi awo, ndipo buku lanu la kuchipatala likhale pamodzi nawo kuti wina akafunsa muonetse. Onjezanipo Panado ndi mapaketi angapo a Thanzi, popeza kutsekula m'mimba uli m'basi ndi vuto lalikulu. Chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti amayi amaleka kumwa madzi poopa kuti basi siima msanga, ena mpaka kudumphitsa mankhwala, ndipo amafika kuno mutu ukupweteka, miyendo itatupa. Imwani pang'onopang'ono, ndipo basi ikaima paliponse tsikani muwongole miyendo.

Mphunzitsi wa ku Area 25:

Ine ndimakwerera ku Lilongwe kudzera pachipata cha Dedza, koma kuyambira ku Tete njira ndi imodzi. Pa nkhani ya kamba, musawerengere maola amene alembedwa pa tikiti. Basi imene ndinakwera chaka china inafa tisanafike ku Masvingo, ndipo ulendo wa masiku awiri unasanduka wa masiku atatu, a kampani osayankha foni. Amene anali ndi mtedza wokazinga, chigumu ndi mabisiketi ndi amene anatipulumutsa. Nkhuku yokazinga ndi mazira owiritsa mudye tsiku loyamba lomwelo. Thobwa musatenge n'komwe, chifukwa mayi wina amene tinakhala naye pafupi botolo lake linasasa ndi kutentha, ndipo potsekula linathovokera anthu a mipando itatu.

Ndiwonjezere tishu, kasopo, mswachi ndi pawabanki yodzaza. Masoketi ambiri a m'nyumba za ku South Africa ndi a mabowo atatu obulungira, pamene athu ndi a makona, ndiye chaja chanu sichikalowa popanda adaputa. Imeneyo muuze mwana wanu akugulireni konko.

Mayi wa ku Chirimba:

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonsezi m'kope. Komatu za usipa simunandiyankhe, chikhalirecho mpongozi wanga wandiitanitsa kawiri konse.

Bambo wa geni ya zovala ku Limbe:

Pepani mayi, ndinazidumpha. Ufa musavutike nawo, umapezeka m'sitolo iliyonse kumeneko, ndipo a basi akaona katundu wachuluka amalipiritsa padera. Chimene abale athu amachisowa ndi mpunga wa Kilombero, tsabola wa Nali ndi nsomba zouma. Zogula m'sitolo zomatidwa bwino sizivuta kwenikweni, koma nsomba, nyama, mbewu ndi zipatso zili ndi malamulo a zaulimi, ndipo pa Beitbridge akhoza kukulandani ngati mulibe chilolezo. Anthu amanyamula ndithu, ena amadutsa, ena amasiya pomwepo, choncho ngati mutenge usipa, ukhale wochepa woti ukalandidwa mtima usakupwetekeni, ndipo akakufunsani musabise. Muukulunge m'mapepala apulasitiki awiri kapena atatu, kutali ndi zovala za khanda, chifukwa fungo lake likalowa m'bulangete silituluka ndi kuchapa kamodzi.