Tikufuna nzeru pa kasungidwe ka thumba la maphunziro

Akuluakulu, ndine mmodzi wa matrasti (oyang'anira) a thumba lomwe limalipirira ana amasiye sukulu kuno ku Blantyre, ndipo lamulo lathu ndi lakuti tizigwiritsa ntchito phindu lokha, osakhudza mpamba. Ndalama zambiri tinaziika m'ma Treasury bill (zikalata zobwereketsera boma ndalama kwa nthawi yochepa) a masiku 364, koma kuyambira pomwe kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chiwongoladzanja chomwe timapeza sichikukwaniranso fizi ya ana omwe tinawalonjeza.

Anzanga ena akufuna tigule masheya pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, pomwe ena akukakamira zomanga nyumba ya lendi ku Limbe. Ine nkhawa yanga pa masheya ndi yakuti makampani ndi ochepa, ndipo kugulitsa masheya ambiri nthawi imodzi sikophweka. Kodi inu amene mumayendetsa matumba otere mumagawa bwanji ndalamazi, nanga mumasiya gawo lotani lopezeka msanga poyamba teremu?

Komanso mabuku athu onse ali mu Excel pa kompyuta ya msungichuma yekha, zomwe zimandisowetsa tulo. Kodi tigule pulogalamu yakeyake yowerengera chuma, kapena tingolemba ntchito kampani yovomerezeka ndi Reserve Bank kuti itiyendetsere zonse?