Ndithandizeni kusankha mphongo yokwera hatchi yathu ya Quarter Horse

Wofunsa:
Akuluakulu, moni nonse. Ndili kuno ku Joni, chigawo cha Free State, ndimasamalira mahatchi pa famu ya ng'ombe zanyama. Tili ndi hatchi yaikazi ya mtundu wa Quarter Horse, ya zaka 9, yomwe timakusira ng'ombe. Ndi yofatsa moti mwana wa bwana amaikwera opanda mantha, koma ng'ombe ikati ithawire pa geti, iyo yatchinga kale musanakoke n'chingwe chomwe. Vuto lake ndi limodzi: ziboda zakutsogolo zinaloza mkati pang'ono.

Bwana akufuna ikweredwe mu Okotobala, ndipo afunsa maganizo anga poti ndine ndimaswera nayo. Mphongo zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yokongola zedi, pachifuwa ndi kumatako minofu yokhayokha, koma pepala lake analemba HYPP N/H. Yachiwiri maonekedwe ndi apo ndi apo, miyendo yokha ndiye yowongoka bwino, ndipo ndi ya magazi a Doc Bar ndi Poco Bueno, mphongo zotchuka zakale za mtunduwu. Ndinaiona ikugwira ntchito, ili ndi kaphuma. Mtima wanga uli pa yachiwiriyi koma bwana akopeka ndi yoyamba. Ndikawauze chiyani?

Mayi wa ku Kyalami:
Achimwene, yoyambayo isiyeni. HYPP ndi matenda akumtundu ochokera kwa mphongo yotchuka ya ku America yotchedwa Impressive, yobadwa mu 1969. Hatchi imanjenjemera minofu, nthawi zina kugwa pansi osatha kudzuka, zina mpaka kufa. N/H ikutanthauza kuti inatengera kwa kholo limodzi, ndipo kumeneko n'kokwanira kuti idwale. Mwana aliyense yemwe ingabereke, mwayi wotengera ndi theka. Mudikire bere la masiku pafupifupi 340, kenako zaka zitatu zolera musanaike chishalo, mapeto ake idzagwe ndi munthu pakati pa ng'ombe? Ayi ndithu.

Mnyamata wa ku Mzimba:
Koma abwanawo ndi amene akulipira. Ingowauzani zoona, asankhe okha.

Mkulu wa makola, KwaZulu-Natal (KZN):
Mayiwa anena zoona, koma yachiwiriyonso musaithamangire. Magazi a Poco Bueno ndi omwe amayenda ndi HERDA, matenda a khungu. Kawirikawiri amaonekera hatchi ikayamba kuikidwa chishalo: khungu la pamsana limasupuka n'kusiya zilonda zosapola bwino. Kusiyana kwake n'kwakuti awa amafuna makolo onse awiri akhale nawo, ndipo zikatero mwana mmodzi mwa anayi ndiye amadwala. Choncho yezetsani yaikaziyo. Mumangozula ubweya wa kumchira pamodzi ndi mizu yake, osadula ndi sizasi, dokotala wa ziweto n'kutumiza ku labu. Ikapezeka kuti ilibe, kweretsani mtima uli m'malo.

Za phumalo ine sindikuda nazo nkhawa kwambiri. Mwana amakhala pambali pa make miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo amaonera momwe make amalandirira munthu. Chomwe ndingafune n'chakuti mukaone ana a mphongoyo omwe akula kale. Awatulutse m'khola inu mukuona, muwanyamule mwendo, muwayendetse pa nthaka yolimba akubwera kwa inu. Ngati miyendo yawo ili yowongoka kuchokera pa bondo mpaka pa chiboda, ndiye kuti mphongoyo imapatsira zabwino zake. Pepala la makolo silikuuzani zimenezo.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri bambo, ndi inu mayi. Ana ake awiri ali pa famu ina chakufupi konkuno, ndipempha galimoto Loweruka. Nanga katemera wa African horse sickness, matenda a mahatchi ofalitsidwa ndi tizilombo touluka toluma? Chaka chino sitinabaye, ndipo tizilomboto timachuluka mvula ikayamba.

Mkulu wa makola, KZN:
Musachedwe naye. Amabaya kawiri, motalikana masabata osachepera atatu, ndipo ndi bwino amalize isanatenge bere. Muimbireni dokotala mawa lomwe, adzabaye woyamba n'kutengeratu ubweyawo ulendo umodzi.