Ndithandizeni: mazenera a kabogi kanga akuyera mbuu

Moni nonse akuluakulu okonda kupanga timasitima tating'ono. Ndikupanga kabogi konyamula anthu ka mtundu wa Mark 1, mabogi aja kampani ya sitima ya ku Britain, British Railways, inayamba kuyendetsa mu 1951, pa sikelo ya OO, ya 1:76, koyenda pa njanji ya mamilimita 16.5. Thupi lake ndi la pulasitiki, ndapenta kale, timipando ndi timatebulo tam'kati ndamaliza. Pandivuta ndi pa mazenera.

Ndikamata pulasitiki woonekera ndi super glue, kukacha ndimapeza m'mphepete monse mwayera mbuu. Ndikudziwa kuti ndi mpweya wochokera mu guluuyo umene umakhazikika pa zenera, makamaka pamene pagwira zala. Guluu wosungunula pulasitiki uja nayenso akangodontha pang'ono, zenera lawonongeka. Tsono inu anzanga mumamatira chiyani? Ena amati PVA, guluu woyera uja womatira matabwa ndi mapepala, poti akauma saoneka, koma nkhawa yanga ndi yakuti zenera lingagwere m'kati denga nditamata kale, ndiye kulitulutsa mpaka kuswa bogi. Nanga vanishi wonyezimira amagwira mokwanira?

Komanso chabwino n'chiti, kudula zenera lililonse palokha kuti lilingane ndi kunja kwa khoma, kapena kumata chidutswa chimodzi chachitali kuseri? Njira yachiwiriyi ndi yosavuta, koma khoma limaoneka lokhuthala kuposa la bogi yeniyeni, ndipo ine zimenezo sizindikhutiritsa.

China, ndikufuna kuikamo timagetsi ta LED tolandira mphamvu kudzera m'magudumu. Kodi pafunika capacitor (kachipangizo kosunga mphamvu ya magetsi kwa kanthawi) yaikulu bwanji kuti tisamaphethire bogi ikamadutsa posinthira njanji, ndipo mumaibisa pati kuti isaonekere pa zenera? Ndithokoza kwambiri.