Msampha wa kudimba wadzaza agulugufe, koma chimanga chilibe mbozi

A Mwale:
Alangizi anzanga, ndithandizeni. Msampha wa ntchemberezandonda womwe tinatchera m'dimba la chimanga ukugwira agulugufe ambiri chiyambire Epulo, koma masamba sanabooledwe. Ambiri mwa iwo ndi otuwa ngati udzu wouma. Alimi akuti tipopere. Kodi ndilembe onsewa mu FAMEWS, pulogalamu ya pafoni ya bungwe la FAO yolembamo za ntchemberezandonda?

Mayi Nkhoma:
Musalembe kaye, bambo Mwale. Akhuthulireni papepala loyera muwasiyanitse. Nyambo ya msamphawu, yomwe imatulutsa fungo longa la gulugufe wamkazi, imakoka amphongo okha. Wamphongo wa ntchemberezandonda (Spodoptera frugiperda) mapiko ake akutsogolo ndi oderako, a mawangamawanga, ali ndi banga loyera kunsonga ndi kena kotuwa pakati. Akumbuyo ndi oyera, m'mphepete mwakuda. Otuwa anuwo, ngati ali ndi mzere wakuda wotsata litali la phiko ndi kadontho koyera pakati, ndi gulugufe wamtundu wina, Leucania loreyi. Fungo la wamkazi wake limafananako ndi la nyambo zina, n'chifukwa chake amalowa. Amenewo awerengeni padera.

A Chirwa:
Zoona mayi, komanso onani ngati kapepala ka mankhwala ophera agulugufe m'chidebe cha msamphacho kakadali ndi mphamvu. Kakatha, agulugufe safa msanga, amaphupha usiku wonse mpaka fumbi la pamapiko kuchoka, ndiye onse amangooneka otuwa. Madzi a mvula kapena othirira akalowa amawola, choncho tibowo tapansi tisatsekeke. Nyerere nazo zimadya thupi n'kusiya mapiko okha. Pakani girisi pachingwe chopachikira. Muzikhuthula sabata iliyonse, tsiku lomwelomwelo, apo ayi ziwerengero sizingafanizidwe.

A Mwale:
Nyamboyi ili ndi miyezi iwiri. Ingakhale vuto?

A Chirwa:
Yakhalitsa, achimwene. Isamapitirire masabata 4 mpaka 6, ndipo kotentha ngati ku Salima kapena kuchigwa cha Shire imatha msanga. Zatsopano zisungidwe m'firiji zili m'paketi yake. Osazigwira ndi manja, ndipo yakaleyo musaitaye m'dimba momwemo, ingasokoneze agulugufe. Msampha ukhale pafupifupi mita 1.5 kuchokera pansi, ndipo muziukweza chimanga chikamakula kuti ukhale pamwamba pa nsonga.

Mayi Nkhoma:
Za kupopera ndikanitsitsa. Msampha umangotiuza kuti agulugufe afika, sunena kuti mbewu yagwidwa. Yendani m'dimbamo ngati chilembo W, muime malo 5, paliponse muone mapesi 10. Fufuzani mazira kumasamba, tizigamba toonekera kuwala pomwe timbozi tapala, ndi ndowe zonga utuchi kunsonga. Mbozi ya ntchemberezandonda ili ndi Y wozondoka pamutu ndi timadontho 4 toyalana ngati sikweya chakumchira. Chimanga chikadali chaching'ono, mapesi 10 mwa 50 akagwidwa ndiye tichitepo kanthu. Akapanda kufika pamenepo, alimi aziphwanya mazira ndi mbozi ndi manja. Mazira amaswa pakangotha masiku awiri kapena atatu, ndiye mukapeza amphongo enieni ngakhale ochepa, kayendereninso dimbalo sabata isanathe.