Kodi ndiyambe ndi cooler uti pa Subaru WRX yopita nayo ku Zwartkops?

Wa ku Ntcheu analemba kuti:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za magalimoto othamangitsa. Ndili ndi Subaru Impreza WRX ya injini ya mtundu wa EJ, ya magiya osintha ndi dzanja, ndipo ndinaikonzetsa kuti ikhale ndi mphamvu zoposa za kufakitale poika turbo yokulirapo, kusintha ekizozi ndi kuchunitsa kompyuta ya injini. M'misewu ya kuno ku Johannesburg sivuta konse, koma ndikapita nayo ku Zwartkops, bwalo la mipikisano ya magalimoto la pafupi ndi Pretoria, pa masiku amene bwalolo limalola anthu wamba, geji ya kutentha kwa oilo imene ndinaika imafika madigiri 130 a Celsius nthawi yanga yothamanga isanathe, ndipo chiwongolero chimayamba kulira ndi kulemera pamakona. Geji ya madzi siisuntha kwenikweni. Mnzanga wina akuti ndiike ma cooler (timaradiyeta toziziritsa oilo) anayi nthawi imodzi, wa oilo wa injini, wa giyabokisi, wa difu ndi wa power steering, kenako ndisinthenso radiyeta. Ndalama zake n'zambiri, choncho ndikufuna kudziwa ngati zonsezi zili zofunikadi, ndiponso choyenera kuyamba nacho.

Makaniko wa ku Germiston anayankha kuti:

Achimwene, yambani ndi oilo wa injini, chifukwa ndi pokhapo pamene muli ndi nambala yeniyeni. Oilo amagwira bwino ntchito akakhala pakati pa madigiri 90 ndi 110, ndipo akamafika pa 130 amapyapyala, mphamvu yake yokankha imatsika, ndipo mabering'i akhoza kuyamba kudyeka. Injini yanu ili kale ndi kachipangizo pamwamba pa fyuluta kamene kamaziziritsa oilo ndi madzi a mu radiyeta, koma kanapangidwira mphamvu za kufakitale ndi kuyenda kwa pamsewu. Dziwaninso kuti kutentha konse kumene kamachotsa mu oilo kumathera m'madzi, ndiye musakhulupirire kwambiri geji ya madzi ya kufakitale, chifukwa muvi wake umakhala pakatikati kwa nthawi yaitali madzi akutentherabe.

Chimene ndimaika pa magalimoto ngati yanu ndi cooler woziziritsidwa ndi mpweya, wa mizere 19 kapena kuyandikira pamenepo, wa kampani ya Setrab kapena Mocal, wolumikizidwa ndi sandwich plate imene imalowa pakati pa fyuluta ndi injini. Plate imeneyo ikhale ndi thermostat, ndipo apa sindigonjera aliyense. Thermostat imayamba kutumiza oilo ku cooler akafika madigiri pafupifupi 80, pamene plate yopanda thermostat imaziziritsa oilo nthawi zonse, ngakhale m'mawa wa mu June chisanu chili mbuu pagalasi. Oilo amene safika potentha bwino sachotsa chinyezi ndi petulo amene amatsikiramo, ndipo mukatsegula chivindikiro mumapeza phala lotuwa pansi pake. Galimoto imene mumapitanso nayo kuntchito ingavulale ndi kuzizira mofanana ndi kutentha.

Mapaipi akhale a saizi ya AN-10 ndipo akhale aafupi momwe mungathere, chifukwa paipi yopapatiza kapena yokhotakhota imachepetsa mphamvu ya oilo asanafike ku mabering'i. Pa EJ ekizozi imadutsa pafupi kwambiri ndi fyuluta, choncho mapaipiwo muwaveke nsalu yoteteza ku moto ndi kuwamanga bwino kuti asakhuzike ndi chitsulo chilichonse. Cooler aikidwe milomo yake itayang'ana kumwamba kapena cham'mbali kuti mpweya usatsekeredwe m'kati, ndipo mukamaliza muthire oilo woonjezera, popeza cooler ndi mapaipi amamwa kuyambira theka la lita mpaka lita yathunthu.

Wa ku Zomba anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi a makaniko pa za thermostat, koma ine ndikanakonda kuti musanagule kanthu muyambe mwaona mmene mpweya ukudutsira kutsogolo kwa galimotoyo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pamene pamalekezera nyanja, ndipo dera lonse la Highveld, kuphatikizapo Zwartkops, ndi lokwera. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, moti madzi a mumphika wosavindikira amawira pa madigiri pafupifupi 94, ndipo radiyeta imene imakwanira ku bwalo la Killarney ku Cape Town, pafupi ndi nyanja, ikhoza kuperewera kuno chifukwa mpweya wodutsamo umanyamula kutentha kochepa. Turbo nayonso imagwira ntchito yaikulu kuti ipereke mphamvu yomweyo. Kuwonjezera apo, Zwartkops ndi bwalo lalifupi la makilomita 2.4, ndipo galimoto imathera nthawi yambiri injini ikulira kwambiri m'magiya apansi, popanda mtunda wautali wowongoka woti ipumirepo.

Vuto la nzeru ya mnzanuyo n'lakuti cooler aliyense amene mwaika kutsogolo kwa radiyeta amatenthetsa mpweya usanafike ku radiyetayo, ndiponso amautchinga. Mukasanjikiza ma cooler angapo pamodzi ndi condenser ya AC (karadiyeta ka makina oziziritsa m'kati mwa galimoto), oilo azizira ndithu koma madzi akwera, ndipo pa EJ kutentha kwa madzi n'kumene kumapsereza gasiketi. Ndinaonapo galimoto ina itachotsedwa bampa: ma cooler okongola atatu atandandalika, koma m'mbali mwa radiyeta muli mipata yoti dzanja n'kulowa, pulasitiki ya pansi pa injini kulibe, zipsepse za radiyeta zitadzaza mphira wa matayala ndi udzu. Mpweya uli ngati madzi a mumngalande, umadutsa posavuta, ndiye ukapeza mpata sungalimbane ndi kulowa m'zipsepse. Tsekani mipata yonseyo ndi siponji yolimba kapena malata a aluminiyamu, bwezerani pulasitiki ya pansi, tsukani radiyeta, ndipo cooler wa oilo muike cham'mbali kuseri kwa bowo la bampa, kumene adzakhala ndi mpweya wakewake ndi potulukira pake. Onaninso ngati labala ya pansi pa chibowo cha boneti ikugwirabe bwino pa intercooler, chipangizo choziziritsa mpweya wochokera ku turbo.

Mayi wa ku Centurion anayankha kuti:

Za giyabokisi ndi difu muzisiye kaye. Oilo wa mmenemo amangowazidwa ndi magiya pozungulira, ndiye cooler wake amafuna pampu yamagetsi, fyuluta, mawaya ndi switch, ndipo chilichonse mwa zimenezi ndi malo ena oti n'kudontha kapena kufa. Zimathandiza pa mipikisano ya maola ambiri, koma kwa munthu wothamanga kwa mphindi zochepa kenako n'kukapuma, oilo wabwino wa 75W-90 wosinthidwa pafupipafupi amakwanira. Cooler wa power steering ndiye muike, popeza chiwongolero chayamba kale kudandaula. Ndi wamng'ono, wotchipa, ndipo amalumikizidwa pa paipi yobwerera ku thanki, osati pa paipi yochokera ku pampu imene ili ndi mphamvu yaikulu.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti simunatchule mabuleki. Brake fluid, oilo wa mabuleki, alibe cooler, ndipo akawira phazi limangopita pansi. Brake fluid watsopano wa mtundu wa DOT 4 amayenera kupirira madigiri osachepera 230, pamene wa mipikisano amapitirira 300, koma onse amakoka chinyezi akamakalamba ndipo amayamba kuwira msanga. Musinthe musanapite kubwalo, ndipo ngati n'kotheka muike mapaipi obweretsa mpweya ku ma disc akutsogolo.

Wa ku Ntcheu anayankha kuti:

Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba ndi kutseka mipata, geji yeniyeni ya madzi, brake fluid, cooler wa oilo wokhala ndi thermostat ndi wa power steering. Funso langa lotsala lipite kwa a makaniko: kachipangizo ka kufakitale koziziritsa oilo kaja ndikachotse kapena ndikasiye?

Makaniko wa ku Germiston anayankha kuti:

Kasiyeni ngati malo alola, achimwene, chifukwa m'mawa madzi amatentha msanga kuposa oilo, ndiye kamathandiza oiloyo kufunda mofulumira. Vuto limene mungakumane nalo n'lakuti mukaonjezera plate pansi pake fyuluta imatsika, choncho muyeze kuti isakhale pafupi kwambiri ndi ekizozi kapena ndi nthaka. Muikenso geji ya mphamvu ya oilo, popeza pamakona aatali oilo amathawira mbali imodzi ya sampu (beseni la oilo la pansi pa injini), ndipo muvi ukamagwa pamenepo ndiye kuti mukufunika sampu yokhala ndi zotchingira m'kati, vuto limene cooler sangalithetse. Mukamanga zonse, lizani injini mpaka thermostat itatseguka, gwirani cooler kuti mumve ngati wafunda, yang'anani mfundo iliyonse ngati ikudontha, kenako muyezenso oilo injini itazima.